Mpando Wakutsogolo

Amuna anga a Obby anawatsekera Lachisanu, bambo wa njinga uja atangomwalira. Loweruka m'mawa ndinabereka Lukundo, ndinaika mpunga ndi nyemba m'kabakuli, n'kupita ku polisi ya pa boma. Njira yonse ndinkagwira kaphazi ka mwana kuti ndimve ngati katentha. Sankadwala ayi. Ndi mmene ndilili ine: mtima ukayamba kuthamanga, manja amafuna chogwira.

Nkhani imene aliyense ankaidziwa inali iyi. Lolemba m'mawa pikapu ya apongozi anga aamuna inanyamuka kumudzi ku Mphamba itatenga Keziya, mkazi wa mlamu wanga Darius, matenda a uchembere atamuyamba masiku asanakwane. Darius ali kutali, ku migodi. Pa kona ya kufupi ndi kamlatho, pikapuyo inagunda bambo wina dzina lake Jonah, amene anali pa njinga ndi matumba a makala. A Obby anafika kuchipatala ali pa chiwongolero, Keziya kumbuyo, wovulalayo kutsogolo. Anauza apolisi ndi pakamwa pawo kuti ankayendetsa ndi iwo. Poyamba tinkayesa kuti ndi mwendo wokha. Kenaka a Jonah anawatumiza ku Chipata, ndipo sanabwerenso.

"Lawani kaye, mayi," anatero a Sajeni Steward, bambo wamtali wa imvi m'chibwano, akuloza kabakuli. Ndinalawa supuni imodzi.

A Obby anawatulutsa opanda lamba, atagwira thalauza ndi dzanja limodzi.

"Mwagona bwanji, atate a Lukundo?"

"Nsikidzi za boma n'zonenepa kuposa za kwathu," anatero akuyesa kuseka. Anagwira tsaya la mwana, koma ine sanandiyang'ane m'maso.

"Lolemba lija, Keziya asanayambe kudwala, munali kuti?"

"Wayamba liti upolisi iwe?"

"Ndangofunsa."

"Ndinali m'chigafa, kumanga mabelo a fodya. Ndinamva kulila, ndinaliza galimoto. Basi. Usadzivute, Linah. Pita kunyumba."

Atawabwezera mkati, a Sajeni anandiperekeza mpaka pakhonde.

"Amuna anu ndi kasitoma wabwino," anatero. "Ena timalimbana nawo mpaka dzuwa kulowa. Awa anavomela tisanatsegule n'cholembela chomwe. Ntchito ino ndakalamba nayo, koma munthu wothamangila mlandu chonchi sindinamuonepo."

"Adzawalipilitsa faindi?"

"Munthu wafa, mayi. Apa ndi zaka. Lachitatu apita kukhoti. Akakavomela pamaso pa woweluza, chitseko chatsekeka, ine ndilibenso fungulo."

Ndinatsika masitepe. Ndili pageti ndinakumbukira thalauza limene ndinachapa Lachiwiri, lomwe a Obby anavala tsiku la ngoziyo. Linali ndi dothi lofiira mpaka m'mawondo, lina m'matumba, ndipo madzi a m'beseni anachita kusanduka phala. M'manja mwawo munali matuza. Ine ndinakulira m'fodya. Fodya amasiya utomoni wakuda m'zala. Dothi lofiira lotero limachokera pansi penipeni, pamene anthu akumba chitsime kapena manda.

* * *

Ofesi ya inshuwalansi ndi kachipinda kamodzi, pakati pa sitolo ya feteleza ndi pometera tsitsi. Ndinapitako kukafunsa ngati kampani ingatithandize ndi loya. Mnyamata wa pamenepo, a Evans, anali atamanga tayi ngakhale linali Loweruka.

"Loya ayi, sisi, pepani. Koma mbali ya malemu musade nkhawa. Inshuwalansi yanu ndi ija yotsika mtengo, ya dalaivala mmodzi wolembedwa dzina. Dzina ndi la a Obby. Poti anali pa chiwongolelo ndi iwo, kampani idzapepesa mkazi wa malemu bwinobwino."

"Akanakhala wina?"

"Olo ngwee. Mwayi wake mdala uja sanaigwile tsiku limenelo."

"Mdala uti?"

"A Eston Zimba, apongozi anu. Anabwela mu Epulo, laisensi yawo m'manja, yokonzetsa kumene. Amafuna ndiwonjezele dzina lawo."

Ndinakhala pansi osauzidwa. Chikwatiwire changa sindinawaonepo apongozi atagwira chiwongolero. Nthawi zonse ankakhala kumanzere, chipewa pamawondo, a Obby akuyendetsa.

"Amadziwa kuyendetsa?"

"Aja? Anayendetsapo malole a thonje imwe musanabadwe! Vuto linali adimini fii. Kwathu kuno, mukafuna kusintha chilichonse pa inshuwalansi, mumalipila ya ofesi. Kuwonjezela dzina, kuchotsa dzina, nambala ya foni, olo chilembo chimodzi chabe. Si ine, sisi, ndi sisitemu. Simulipila, kompyuta siitsegula."

"Inali ndalama yambili?"

"Mtengo wa nkhuku ziwili. Koma mdala anakalipa! Akuti, 'Mwana wanga, ndalipila chaka chathunthu, manje ukuti ndilipilenso inki?' Anandipempha cholembela kuti alembe okha dzinalo, akuti dzanja lawo n'laulele." A Evans anaseka, koma kuseka kwawo kunathera panjira. "Anati adzabwela akagulitsa fodya. Ine fii imeneyi sindiikonda, kunena zoona. Anthu a kumudzi akaimva amangobwelela osasintha kanthu. Ndiye tsoka likabwela..."

Anasiyira pomwepo. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kukhomo.

"Koma ankayendetsa ndi a Obby, si choncho?"

"Ndi zimene anena," ndinayankha, ndikumangitsa nsalu ya mwana imene inali yomanga kale.

* * *

Ndinakwera minibasi yopita cha ku Mphamba n'kutsikira pa siteji ya kufupi ndi kamlatho. Sindinkadziwa chimene ndikufuna. Pamsewu panalibe chotsala, kupatula makala ophwanyika m'ngalande. Pansi pa mtengo wa mango panali mayi wonenepa akukazinga zitumbuwa.

"Monile, amama! Vitumbuwa vyamoto, kamwana kalaweko!"

Ndinagula ziwiri. Dzina lawo anati ndi Anna, ndipo sanafunike kukokedwa lilime.

"Ija pikapu yoyela? Iii, naiona na maso yanga aya! Tsiku lija ufa unanithela, nimafuna lifiti ya ku boma. Ine galimoto ikabwela siniyang'ana dalaivala, dalaivala ni wa chani? Niyang'ana mpando wakutsogolo, muli munthu olo mulibe. Munalibe! Windo yotsegula, mpando uli chabe. Nakweza dzanja, nakuwa, osaima."

"Munalibe munthu kutsogolo?"

"Nakuuzani. Manje ikupitilila, niona kumbuyo mzimayi, mimba uku, dzanja wagwila chitsulo, chitenje waluma mkamwa. Ine natukwana, Chiuta anikhululukile. Nati mwamuna wanji woika mzimayi wodwala pa malata monga thumba la nshawa, mpando wa siponji uli chabe? Amuna a masiku ano!"

"Woyendetsayo munamuona nkhope?"

"Fumbi, mama, na dzuwa pagalasi. Ine maso yanali pa mzimayi. Kenaka namva phokoso kuseli kwa mitengo uko. Sin'nathamange, mafuta yanali pamoto. Pofika ine anthu anali mbwee, mnyamata wina akukweza wovulala."

"Apolisi munawauza zimenezi?"

"Ananifunsa ngati imathamanga. Za mpando angafunse ndani?" Anandiyang'anitsitsa. "Imwe mwatuwa bwanji? Khalani apa, mungagwe na mwana."

Ndinakhala pa chidebe chawo chovundikira.

Keziya ndi a Obby ndi chilamu, ndipo chilamu chawo n'chaphokoso. Amawaitana kuti mwamuna wake wachiwiri. Pikapu ikamapita ku boma, amathamangira mpando wakutsogolo ngakhale ine mwini mwamuna ndilipo, n'kumasintha wailesi njira yonse, a Obby akumumenya padzanja. Keziya ameneyo, mimba ikupweteka, akakwere kumbuyo a Obby ali pa chiwongolero? Ayi.

Pa dziko lonse lapansi pali mwamuna mmodzi yekha amene Keziya sangakhale naye phewa ndi phewa, ngakhale imfa itamuimirira pakhomo. Inenso sindingathe. Chilowere m'banja limeneli sindinakhalepo nawo pamphasa imodzi, sindinadyepo iwo akuona, sindinatchulepo dzina lawo. Tikakumana panjira ndimapatukira m'maudzu n'kugwada.

Chitumbuwa chinandigwa m'manja.

* * *

Kumudzi ndinafika dzuwa litapendeka. Keziya anali atatuluka m'chipatala, ali m'chikuta ndi khanda lake, kumene mwamuna salowako. Ndinaodira n'kulowa. Kamwanako kanali kakang'ono ngati botolo, koma kankayamwa mwamphamvu.

"Amake Lukundo," anatero motsitsa mawu. "Alamu ali bwanji?"

"Akudyedwa ndi nsikidzi. Keziya, unakwelelanji kumbuyo?"

"Ndimafuna kugona. Kutsogolo n'kothina."

"Sunagone. Unakhala tsonga, utagwila chitsulo."

Anayang'ana khanda. Anakonza kachipewa kake, n'kukakonzanso.

"A Obby anakumba manda a ndani Lolemba?" ndinafunsa.

Apo ndiye misozi inayamba, yopanda phokoso.

"Kunali malilo kutsidya kwa dambo," anatero. "Azimayi onse anagona komweko. Alamu anapita mbandakucha ndi amuna anzawo kukakumba. Pamudzi tinatsala awili, ine ndi adada, apongozi athu. Ndinaona magazi, Linah. Ndinakwawa mpaka pakhomo. Iwo anamva ali kuchigafa, anabwela, anaima apo atandifulatila, akufunsa kuti, 'Amama, n'chiyani?' Ndiwayankhe chiyani? Anaona okha."

"Ndiye anatenga makiyi."

"Ananditsegulila chitseko chakutsogolo. Anandipempha, Linah, munthu wamkulu uja. Akuti, 'Lelo lokha, amama, mwambo tiusiye.' Ine miyendo inakana. Mmene ndinalili muja, nsalu itanyowa, ndikakhale pambali pa apongozi? Ndinakwela kumbuyo. Anathamanga kukatenga matilesi awo n'kundiponyela."

Lukundo anayamba kulira kumsana. Ndinamutsitsa n'kumupatsa bere kuti ndimve bwino.

"Amayendetsa bwino, sanathamange. Koma pa kona paja ululu unandigwila, ndinakuwa. Anacheuka kundiyang'ana pa kagalasi kakumbuyo. Kamodzi kokha." Anadzimenya pachifuwa ndi chibakera. "Ndikanakhala kutsogolo sakanacheuka. Bambo uja ndamupha ndine."

"Usatelo."

"Adada anaimbila alamu foni. Alamu anafika pa njinga yamoto, dothi lili thupi lonse. Atangoona anati, 'Adada, inshuwalansi imadziwa dzina langa lokha. Mukanena kuti ndinu, munthuyu salandila kanthu. Dzelani m'minda, pitani kunyumba.' Tonse timayesa ndi mwendo chabe." Anandigwira mkono mwamphamvu. "Adada anandipulumutsa, ine ndi aka. Ukufuna ndikawapeleke kwa apolisi?"

"Iwe sunena kanthu. Yamwitsa mwana."

"Nanga iwe ukupita kuti?"

Ndinabereka Lukundo n'kutuluka.

* * *

Apongozi anali m'chigafa, atakhala pa kampando, akusankha fodya. Anali ataonda sabata imodzi yokha. Masamba ankawatenga n'kuwabwezera pa mulu womwewo.

Ndinagwada patali, pafupi ndi nsanamira, nkhope nditalozetsa kumunda. Mkamwana sayamba nkhani ndi apongozi aamuna. Koma mwana amaloledwa kunyamula mawu, ngakhale mwana wosadziwa kulankhula. Ndinamukhazika Lukundo pansi patsogolo panga.

"Lukundo, uwauze agogo kuti tabwela."

"Yewo," anayankha. "Lukundo, uwauze amako kuti afike."

"Uwauze agogo kuti atate ako akavomela mlandu Lachitatu. A polisi akuti ndi zaka."

Masamba analeka kulira m'manja mwawo.

"Uwauze amako kuti ndikudziwa."

"Uwauzenso kuti ndachokela kwa a inshuwalansi. Ndi pa kamlatho. Ndi m'chikuta."

Lukundo anatola tsamba la fodya n'kuyamba kulilowetsa mkamwa. Ndinamulanda.

"Dzulo ndinali kumalilo a Jonah," anatero apongozi, mawu atasasa. "Ndinakhala pakati pa amuna. Mkazi wake anadzandigwadila, kundithokoza kuti mwana wanga sanathawe, anamunyamula mwamuna wake. Ana anayi, wamng'ono ngati uyu. Lukundo, uwafunse amako: ndikakanena zoona, kampani ikakana, ana aja adya chiyani? Ine ndinakana kulipila inki. Nkhuku ziwili! Manje alipile ndi ana a Jonah?"

"Uwauze agogo kuti sindikuwaweluza. Akanapanda iwo, bwenzi tikulila Keziya."

"Obby anandilumbilitsa. Akuti ndi shuga wangayu sindingathe mwezi m'ndende."

Ndinadziwa kuti n'zoona. Ndinkawaona m'mawa uliwonse tikabwera kumudzi, akumeza mapiritsi kuseri kwa nkhokwe kuti ana asaone. Ndinatsala pang'ono kunyamula mwana n'kubwerera. Koma ndinaona a Obby atagwira thalauza ndi dzanja limodzi, ndipo pakamwa panatseguka pokha.

"Lukundo, uwauze agogo kuti ana a Jonah sasamala kuti chakudya chachokela ku kampani kapena m'khola. Ng'ombe zilipo. Pikapu ingagulitsidwe. Koma atate ako sitingawagule kwina." Ndinamukokera Lukundo pafupi. "Uwauze kuti woweluza akamva za Keziya, za magazi, za msinkhu wawo, mwina adzamva chisoni. Kwa atate ako adzangoona mnyamata wosasamala."

"Mwina," anatero. "Mwinanso ayi."

"Mwinanso ayi," ndinavomera.

"Ngati amako akudziwa zonsezi, bwanji sanapite kwa Sajeni? Boma lili pafupi kuposa kuno."

Apo ndinalira.

"A Sajeni akanandifunsa dzina la woyendetsa. Pakamwa panga sipangatchule dzina limenelo, kwa apolisi kapena kwa wina aliyense. Ndiye ndabwela kwa eni ake."

Ndinamva kampando kakukhwekhwereza, kenaka mapazi akutuluka m'chigafa. Ndinakhalabe chogwada, osadziwa ngati ndathamangitsidwa pamudzi. Ndinamva madzi akuthiridwa m'beseni, chitseko chikutseguka. Ndinawamva akuitana mng'ono wawo a Amon kuseri kwa mpanda, akutchula ng'ombe ziwiri zapagoli ndi thadzi lofiira, ndi mudzi wa kwawo kwa a Jonah. A Amon anayamba kutsutsa mokweza, koma anawadula ndi liwu limodzi.

Atabwerera anali atavala jekete la kutchalitchi, m'manja muli kapepala ka pulasitiki ka mankhwala awo. Anawerama n'kumunyamula Lukundo, amene anayamba kuwakoka chipewa. Anamununkhiza kumutu nthawi yaitali, n'kumutsitsa.

Kenaka anaima patsogolo panga penipeni, pamene sanaimepo chiyambire, mpaka ndinaona fumbi la pa nsapato zawo.

"NyaMtonga," anandiitana ndi dzina la kwathu, osadzeranso mwa mwana. "Minibasi yomaliza ya ku boma yapita?"

Ndinapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ikalipo, adada," ndinatero. "Tikafulumila tiipeza."